Malire a Minda ndi Mlandu wa Tsala

Pa zaka zimene ndagwira nchito ya ukalaliki pa Boma, ndamva kawirikawiri munthu alikunena kuti, "Ndalima pano zaka zambiri, tsono mundawu ndi wanga." Tiyeni tione ngati makolo athu akadabvomereza mau otere.

Kale dziko linali lalikulu, anthu ocepa. Munthu akafuna munda anapita kwa nyakwawa, ndipo nyakwawa inamsonyeza thengo. Malire anali culu, mtengo wa msuku kapena mfuleni. Amene anagwetsa mitengo poyamba ndiye anali mwini, ndipo ngakhale munda ugonere nusanduka tsala, unali wace ndithu. Wobwereka anakhalabe wobwereka, cinkana alimemo mpaka kumera imvi.

Mikangano inakula pamene malo anacepa. Angoni a Mpezeni atagonja m'caka ca 1898, dziko lalikulu lozungulira Fort Jameson, amene lero ndi Chipata, linagwa m'manja mwa kampani ya North Charterland. M'caka ca 1928 Boma linadula malo osungira anthu akuda, ndipo anthu anapanikizana momwemo. Nthaka inaguga, matsala sanapumenso, ndipo mkangano unayamba kubuka pa mzere umodzi wa cimanga. Boma linatenga malo a kampaniyo m'caka ca 1941 ndi kusamutsirako midzi ina, koma cizolowezi ca kulimbirana malire cinatsala.

Ku England kunali lamulo lakuti munthu akakhala pa malo a mnzace zaka 12, mwiniyo osadandaula, sangacotsedwenso. Ena akamva zimenezi ayesa kuti ndi momwemo kuno. Koma lamulo la Zambia likana kuti malo okhala ndi cikalata ca umwini atengedwe mwa njira imeneyo, ndipo kumidzi mwambo ukananso.

Ndinaona ndekha mlandu wotere kwathu. Malume anabwereketsa tsala kwa mnansi wao popanda mboni. Atamwalira onse awiri, ana a mnansiyo anati munda ndi wao, popeza atate ao anabzalamo mango. Mfumu sinawerenge zaka. Inafunsa nkhalamba kuti, "Kodi anagwetsa mitengo pamenepa ndani?" Gogo mmodzi yekha ndiye anakumbukira. Munda unabwerera kwathu, koma mango anakhala a anawo.

Gogoyo anamwalira caka cotsatira. Cifukwa cace ndikuti, pobwereketsa munda itanani nyakwawa ndi anyamata omwe, ndipo muyende nao m'malire.