Nyemba za Lundazi ndi chitetezo cha dzina la malo pa zokolola

Chizindikiro cha malo, chomwe m'malamulo a zamalonda chimatchedwa geographical indication, ndi dzina la dera loikidwa pa chokolola chimene kukoma kapena kutchuka kwake kumachokera ku nthaka, nyengo ndi luso la anthu a deralo. Dzinalo likalembetsedwa, oligwiritsa ntchito pamalonda amakhala alimi a komweko okha, otsata ndondomeko imene anagwirizana. Pangano la TRIPS la 1994 limalamula mayiko a m'bungwe la WTO kuteteza mayina otere. Ku Zambia nkhaniyi inalowa m'lamulo la Trade Marks Act la 2023, ndipo kalembera wake ali m'manja mwa bungwe la PACRA.

Boma la Lundazi, lomwe lili kum'mawa kwa Zambia m'malire ndi Malawi, lili kale ndi dzina lodziwika pamsika. Ku Soweto Market mu Lusaka, mayi wogula nyemba amasankha pakati pa Kabulangeti, Solwezi ndi Lundazi, ndipo akati "mundipimire za Lundazi" wogulitsa amadziwa thumba loti atapemo. Vuto lagona pomwepo. Dzinalo layamba kutanthauza mtundu wa nyemba, osati kumene zalimidwa, kotero aliyense wodzala mbewuyo, kaya ali kutali chotani, amagulitsira dzina lomwelo. Mlimi wa kwa Mwase kapena kwa Kapichila, amene amagulitsa pa meda kwa venda mbewu zikangochoka m'munda, sapindulapo kanthu pa kutchuka kwa dzina la kwawo. Ndipo malamulo a mayiko ambiri salola kulembetsa dzina limene lasanduka la mtundu wa mbewu. Mtedza wa Chalimbana ndi chitsanzo chapafupi: dzina ndi la dera la ku Chongwe, koma mtedzawo umalimidwa kwambiri kuchigawo cha kum'mawa ndi ku Malawi.

Kumene chitetezochi chagwira, phindu lake lalikulu labwera kudzera m'ntchito imene alimi amakakamizika kuigwira limodzi: kusunga mbewu yosasakaniza, kuyanika bwino, kusankha, kupakira pamalo amodzi ndi kukambirana mtengo ngati gulu. Tsabola wa ku Penja ku Cameroon analembetsedwa mu 2013, ndipo mtengo wake unakwera pambuyo pake. Ku Mozambique analembetsa mbuzi za ku Tete, Cabrito de Tete, zomwe nyama yake amati imakoma chifukwa cha masau ndi malambe amene zimadya.

Ku Lundazi chimene chayandikirako ndi ntchito ya COMACO, yomwe inayamba mu 2003 motsogozedwa ndi Dale Lewis. Bungweli limagula mtedza, soya, uchi ndi mpunga wa ku Chama kwa alimi amene asiya kutchera nyama m'chigwa cha Luangwa n'kuyamba kutsata ulimi wosamala nthaka, n'kumagulitsa pansi pa dzina la It's Wild! Laonetsa kuti ogula a m'tauni amalipira akadziwa kumene chakudya chachokera. Komabe dzinali ndi la kampani, pamene chizindikiro cha malo chimakhala chuma cha alimi onse a m'dera.

Funso lovuta kwambiri ndi la malire. Mu 2018 boma la Lundazi linagawidwa patatu, kukhala Lundazi, Lumezi ndi Chasefu. Nyemba zinatchuka dera lonseli lili limodzi, ndipo kungakhale kulakwa kwakukulu kutsekera kunja mlimi wa kwa Magodi ku Chasefu chifukwa cha mzere wa pamapu. Palinso ndalama zoyendera minda ndi kupimitsa zokolola, makamaka mtedza womwe umagwidwa chuku ukapanda kuuma bwino. Ndalama zoterezi zikasiyidwa kwa mlimi payekha, otsala m'gulu logwiritsa ntchito dzinalo amakhala okhawo amene anali nazo kale.