Mudzi, Thengo ndi Ulamuliro pa Mawu: Umboni wa ku Mua

M'nthano zolosera dziko lankhanza la m'tsogolo, olemba amakonda kuyang'anitsana zinthu ziwiri: mzinda wolamulidwa mwaukali, ndi thengo la kunja kwa linga kumene munthu amakumbukira kuti iye ndani. Aldous Huxley anatero mu Brave New World mu 1932. George Orwell, mu Nineteen Eighty-Four ya 1949, anaonjezapo mfundo yotikhudza ife ofufuza ziyankhulo: boma la m'nthanomo limachepetsa mawu chaka ndi chaka kuti maganizo oukira asowe potulukira. Pano tikufuna kuyesa mfundo imeneyi pa mbiri ya chigwa cha Mua, Golomoti ndi Mtakataka.

Achewa nawonso amasiyanitsa mudzi ndi thengo, koma malire ake ngodutsika. Liwu lakuti chirombo limatchula nyama yolusa ya m'tchire, limatchulanso wovina gule wamkulu amene amachokera ku dambwe, pafupi ndi manda, nalowa pabwalo kudzadzudzula amoyo. Kwa Achewa, tsono, thengo limabwera lokha kumudzi pa maliro ndi pa chinamwali. Munthu sachita kuthawirako.

Ansembe a White Fathers atakhazikitsa mishoni ya Mua mu 1902, anabwera ndi sukulu, katekisimu ndi maina aubatizo. Mkangano wawo ndi nyau, umene Ian Linden anaulongosola m'buku lake la 1974, unakula m'zaka za m'ma 1920, ndipo unali wolimbirana ana: adzakula m'manja mwa yani, nadzatchedwa ndi maina ati. Nyau zinayankha potenga maina a m'tchalitchi momwemo. Simoni, wa nkhope yofiira, ndi Maliya anasanduka zirombo. Liwu loperekedwa ndi wamphamvu linabwerera pabwalo litasenza tanthauzo limene mwini wake sanalifune.

Mu 1968 msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party unasintha dzina la Chinyanja kukhala Chichewa nuchikweza kukhala chiyankhulo cha fuko, ndipo mu 1972 panakhazikitsidwa Chichewa Board yoweruza mawu oyenera. Kwa Angoni a Kachindamoto ku Mtakataka, amene makolo awo anali atasiya kale Chingoni, chiyankhulo chawo cha tsiku ndi tsiku chinayamba kutchedwa ndi dzina la mtundu wina. Gule amene anazemba ansembe anayamba kuitanidwa kukavina pa misonkhano ya chipani. Mu 1976 Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni pa Mua pomwepo, ndipo mishoni imene inkalimbana ndi zirombo inayamba kuzisunga ndi kulemba maina ndi nyimbo zake. Mu 2005 UNESCO inazindikira gule wamkulu monga chuma cha anthu onse.

Tikuona kuti Orwell analondola mbali imodzi yokha. Liwu loletsedwa silifa msanga. Limakabisala ku dambwe. Choopsa chenicheni chimadza pamene liwu lalandiridwa ndi ulemu, nalembedwa ndi tanthauzo limodzi lokha. Wolemba mtanthauziramawu akafika pa chirombo kapena Simoni ayenera kusankha ngati alemba chitonzocho kapena achisiya, ndiponso ngati mawu a kudambwe angasindikizidwe popanda chilolezo cha eni ake olowa gule. Tikupempha okonza ndondomeko za ziyankhulo kuti funso limeneli alifunse m'midzi ya Mua ndi Golomoti asanakhale pansi kulemba.