Lion Man, ngwazi imene idafa chifukwa chosowa mapepala

Filimu ya Black Panther itatuluka mu 2018, ndidakangana ndi mnzanga wina mpaka tiyi kuzizira. Iye ankati T'Challa ndiye ngwazi yoyamba yachikuda m'makomiki, poti adayamba kuoneka mu 1966, mu Fantastic Four nambala 52, ntchito ya Stan Lee ndi Jack Kirby. Ine ndidangoti ayi, koma dzina loti ndimutsutsire ndidalibe. Ndidadzalipeza patapita nthawi, usiku wina ndikutha bandulo pafoni, ndipo dzinalo ndi Lion Man.

Nkhani yake imayambira ku Philadelphia, kwa mtolankhani wachikuda Orrin C. Evans. Nyuzipepala yomwe ankalembera, Philadelphia Record, idatsekedwa mu 1947 kutachitika sitalaka. M'malo mokhala manja lende, mkuluyu adasonkhanitsa ojambula achikuda okhaokha n'kutulutsa buku lotchedwa All-Negro Comics mu June chaka chomwecho. Linkagulitsidwa masenti 15 pomwe makomiki ambiri ankapita pa masenti 10. Munthawi imeneyo munthu wakuda akaoneka mukomiki, kawirikawiri amakhala wantchito wamilomo yotupa, woti azungu azimuseka. Evans adafuna kuti ana achikuda aone nkhope zonga zawo zikuchita zakupsa.

M'bukumo muli wapolisi wofufuza milandu, Ace Harlem, wojambulidwa ndi John Terrell. Koma ine maso anga adakakamira pa Lion Man, yemwe adajambulidwa ndi George J. Evans Jr., mbale wake wa Orrin. Lion Man ndi mnyamata wobadwira ku America, wophunzira mpaka kukoleji, katswiri wa sayansi. Bungwe la United Nations lamutuma ku Gold Coast, dziko lomwe lidadzakhala Ghana mu 1957, kuti akalondere phiri lodzaza ndi uranium, mwala wopangira bomba loopsa lija. Ali ndi kamwana kamasiye kopulupudza, Bubba, komwe kamangomuika m'mavuto.

Taganizani bwino apa. Padali patangopita zaka ziwiri bomba litagwa pa Hiroshima, ndipo uranium yambiri yomwe America idagwiritsa ntchito popanga mabomba oyambawo idachokera kumgodi wa Shinkolobwe ku Congo. Ndiye kuti abale awiriwa sadangolota nkhaniyi. Ankadziwa kuti chuma chogwedeza dziko chili pansi pa nthaka ya Africa, ndipo anthu akunja akuchiwenderera. Zikukukumbutsani vibranium ya ku Wakanda eti? Inenso. Kusiyana kwake n'koti mwala wa Lion Man ndi weniweni. Ife omwe tidamvako za mgodi wa Kayelekera ku Karonga sitifunika wotimasulira.

Sindikunamizani kuti ndi komiki yokoma kwambiri. Zithunzi zake n'zouma, nkhani imathamanga ngati yaba, ndipo Lion Man alibe mphamvu zodabwitsa kupatula nzeru ndi zibakera. Chomwe chidandinyansa kwambiri ndi ichi: munthu wamadigiri ake angofika ku Africa, basi wavula malaya, watsala ndi kansalu m'chiuno ngati Tarzan. Komanso eni dziko ali kuti? Chuma n'chawo, koma mlonda ngwochokera kutsidya kwa nyanja, wotumidwa ndi anthu akutali. Africa wa m'masambawa ndi wa munthu amene adangomumvera m'makutu. Komabe ndikakumbukira kuti ndi 1947, pomwe Gold Coast yomweyo idali m'manja mwa Britain monga momwe idaliri Nyasaland, mtima umatsika pang'ono. Kungojambula munthu wakuda akugonjetsa mzungu wadyera, nthawi imeneyo, kudali kuputa mavu.

Ndipo mavuwo adalumadi. Buku lachiwiri lidakonzedwa, koma silidasindikizidwe, chifukwa ogulitsa mapepala adakana kumugulitsa Evans. Lion Man adangothera pamasamba ochepa a buku loyamba lija, nkhani yake ili m'malere. Palibe mdani wamatsenga adamugonjetsa, adangomanidwa pepala basi. Evans adabwerera ku utolankhani ndipo adamwalira mu 1971, patatha zaka zisanu T'Challa atabadwa m'manja mwa azungu awiri a ku New York.

Bukuli likupezeka pa intaneti, anthu adalijambula tsamba ndi tsamba, ndipo silidya bandulo yambiri. Mnzanga uja ndidamutumizira pa WhatsApp. Adawerenga, kenako adangoyankha kuti munthu wopanda chigoba kumaso si ngwazi. Mkangano udakalipo.