Ferdinand Pecora, Loya Amene Anaika Eni Mabanki pa Lumbiro

A Ferdinand Pecora anali loya wa m'dziko la America amene mu 1933 ndi 1934 anatsogolera kafukufuku wa nyumba ya malamulo ya Senate pa cinyengo ca pamsika wa masheya. Sheya ndi kagawo ka umwini wa kampani kamene munthu amagula poyembekezera phindu. Zimene a Pecora anavumbula zinathandiza kuti boma likhazikitse malamulo okakamiza ogulitsa masheya kuuza ogula zoona.

Iwo anabadwa pa 6 January 1882 ku Nicosia, pa cisumbu ca Sicily ku Italy, ndipo makolo awo anasamukira nawo ku New York akali mwana. Anayamba kuphunzira zaubusa, koma atate awo atavulala pa nchito analeka sukulu ndi kulembedwa ukalaliki mu ofesi ya maloya. Anamaliza maphunziro a zamalamulo ku New York Law School ndi kuloledwa kugwira nchito ya uloya mu 1911.

Kucokera mu 1918 kufika mu 1930 anali woimira boma pa milandu mumzinda wa New York. Kumeneko anatseketsa timaofesi toposa 100 timene tinali kulandira ndalama za anthu monamizira kuti tiwagulira masheya, pamene sitinali kugula ciliconse.

Mu October 1929 msika wa masheya wa Wall Street unagwa. Pofika mu July 1932 mitengo ya masheya a makampani akuluakulu inali itatsika ndi pafupifupi maperesenti 89, ndipo mabanja ambiri anataya ndalama zimene anasunga moyo wawo wonse. Komiti ya Senate yoona za mabanki inayamba kufufuza mu 1932, koma maloya oyamba sanaphule kanthu. Mu January 1933 wapampando wa komitiyo, a Peter Norbeck, anaitana a Pecora pa malipiro a madola 255 pa mwezi.

Mmodzi wa oyamba kukumana nawo pakati pa anthu akuluakulu anali a Charles Mitchell, mtsogoleri wa National City Bank, imene lero imachedwa Citibank. A Pecora anayamba apita ku bankiyo kukawerenga mabuku ndi makalata ake, kotero kuti pa 21 February 1933, pamene a Mitchell analumbira pamaso pa komiti, mayankho a mafunso ambiri anali kale m'manja mwa wofunsayo.

Zinadziwika kuti kampani ya bankiyo inagulitsa kwa anthu makalata a ngongole ya dziko la Peru okwana madola 90 miliyoni mu 1927 ndi 1928. Anchito ake omwe anali atacenjeza polemba kuti dzikolo linali ndi mbiri yoipa pobweza ngongole, koma ogula sanauzidwe zimenezi. Msika utagwa, akuluakulu a bankiyo anabwerekedwa madola 2.4 miliyoni, pamene makalaliki amene anagula masheya a bankiyo pa ngongole anapitiriza kudulidwa malipiro kulipirira masheya amene anali atatsika mtengo. A Mitchell nawonso anavomera kuti mu 1929 anagulitsa masheya kwa akazi awo pa mtengo wotsika kuti aoneke ngati aluza, ndipo caka cimeneco sanapereke msonkho. Patapita masiku ocepa anatula pansi udindo.

Mu May 1933 kunabwera a J.P. Morgan Jr., amene anthu anali kuwaopa ngati mfumu ya mabanki. Anavomera kuti sanapereke msonkho wa pa zopeza mu 1931 ndi 1932. Kunapezekanso mndandanda wa anthu ochuka amene banki yawo inali kuwagulitsa masheya pa mtengo wocepera wa pamsika, ndipo pa mndandandawo panali a Calvin Coolidge, mtsogoleri wakale wa dzikolo. Pambuyo pake kunadziwika kuti a Albert Wiggin a ku Chase National Bank anapeza madola pafupifupi 4 miliyoni mu 1929 pobecha kuti masheya a banki imene iwo eni anali kuyendetsa atsika mtengo.

Cimene cinakwiyitsa anthu koposa n'cakuti zambiri mwa izi sizinali zophwanya lamulo. A Morgan ndi a Wiggin analibe mlandu, ndipo a Mitchell khoti linawapeza osalakwa pa mlandu wozemba msonkho, ngakhale kuti boma linawalipiritsa pambuyo pake. A Pecora sanamangitse munthu wamkulu aliyense. Mphamvu ya nchito yawo inali yakuti aphungu anaona poyera pamene malamulo anali ndi mipata.

Mu May 1933 kunakhazikitsidwa lamulo la Securities Act, lonena kuti kampani yogulitsa masheya atsopano iyenera kulembetsa ku boma ndi kuulula mmene cuma cake cilili, ndipo ikanama wogula angathe kuisumira. Mu June lamulo la Glass-Steagall linalekanitsa mabanki osunga ndalama za anthu ndi mabanki ocita malonda a masheya. Lamulo la Securities Exchange Act la mu 1934 linaletsa mkulu wa kampani kucita zimene a Wiggin anacita, ndipo linakhazikitsa bungwe la Securities and Exchange Commission loyang'anira msika. Maiko ambiri anatengera njira imeneyi. Kuno ku Zambia bungwe la dzina lomwelo linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1993, msika wa masheya wa ku Lusaka usanatsegulidwe mu 1994.

Mtsogoleri wa dziko, a Franklin Roosevelt, anasankha a Pecora kukhala mmodzi wa makomishona asanu oyamba a bungwelo, koma upampando unapita kwa a Joseph Kennedy, munthu amene analemera ndi malonda a masheya omwewo. A Pecora anakhalako miyezi yocepa cabe. Mu January 1935 anakhala woweruza wa khoti la Supreme Court la cigawo ca New York, mu 1939 anatulutsa buku lochedwa Wall Street Under Oath, ndipo mu 1950 anasiya uweruzi kukapikisana pa umeya wa mzindawo koma analephera.

Anamwalira ku New York pa 7 December 1971 ali ndi zaka 89. Mbali za lamulo la Glass-Steagall zoletsa mabanki a mitundu iwiriyo kukhala pansi pa mwini mmodzi zinafafanizidwa mu 1999.