Mtima Ukatentha M'chilimwe

Aliyense amene anakulira m'midzi ya kumadzulo ndi kumpoto kwa boma la Lilongwe amaudziwa mwezi wa Okutobala. Kuyambira ku Mpingu mpaka ku Namitete, kukhotera ku Nsaru ndi kwa Kabudula mpaka kukafika ku Nambuma, dziko lonse limangoti mbuu! Tchire lapsa, akamvuluvulu akuvina m'minda, nyenje zikulira osapumira. Ngakhale dera lathu ndi lokwera, mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, masana kutentha kumafika madigiri 30 kapena kupitirira. Usiku tulo sitibwera, mawu amatuluka okalipa, ndipo kankhani kochepa ka pamjigo kamakathera pabwalo la mfumu. Azungu a nthawi ya atsamunda ankautcha mwezi umenewu kuti mwezi wodzipha.

Masiku ano m'masitolo a m'tauni mwadzaza timapaketi ta tiyi wa zitsamba amene amati amachotsa nkhawa. Anzanga ena kuofesi amamugula modula, poganiza kuti nzeruyi yangobwera kumene kuchokera kunja. Koma ndikayang'ana mbiri ya kwathu, ndimaona kuti makolo athu anali nayo kale nzeru yoziziritsa thupi pamodzi ndi mtima, ndipo chinaifooketsa ndi kusintha kwa ulimi ndi kutha kwa mitengo m'zaka 100 zapitazi.

Umboni woyamba uli m'chiyankhulo chathu. Munthu akakwiya timati wapsa mtima. Mudzi ukachuluka matenda ndi mikangano timati watentha. Wina akatonthoza mnzake timati wamuziziritsa mtima. Kwa Mchewa, kutentha kunali chizindikiro cha ngozi, pamene kuzizira kunali mtendere. Ngakhale mwambo wa mdulo unagona pomwepa: panali anthu otentha ndi anthu ozizira, ndipo khanda, wodwala ndi namwali wa m'tsimba ankatetezedwa kwa anthu otentha. Wansembe wachikatolika J.W.M. van Breugel analongosola zimenezi m'buku lake la Chewa Traditional Religion, lomwe linasindikizidwa mu 2001, ndipo Brian Morris, amene anafufuza zitsamba za m'Malawi, anatulutsa buku la Chewa Medical Botany mu 1996.

Dziko nalo linkafunika kuliziziritsa. Kumwera chakumadzulo kwa Lilongwe, m'tsinde mwa mapiri a Dzalanyama, kunali kachisi wamkulu wa Msinja, komwe kunkakhala Makewana, mayi wa anthu onse. Chilimwe chikafika pachimake, mafumu ankatumiza nsembe kumeneko kukapempha mvula. Makewana sankameta tsitsi poopa kudula mvula. Angoni anaononga kachisiyu cha m'ma 1870, ndipo W.H.J. Rangeley analemba mbiri yake mu Nyasaland Journal mu 1952. Tikaona zimenezi, titha kumvetsa kuti nkhawa ya m'chilimwe sinali ya munthu mmodzi. Inali nkhawa ya mtundu wonse, ndipo funso lake linali limodzi: kodi mvula ibwera?

Podikira mvulayo, pakhomo paliponse panali njira zake zozimira moto wa m'thupi. Ine ndinazionera kwa agogo anga aakazi cha ku Nsaru, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Pakona ya nyumba yawo, malo amdima, panali mtsuko wovundikira ndi mbale, chikho chili pamwamba. Mtsuko wadothi umatuluka thukuta, ndipo thukutalo likamauma limachoka ndi kutentha, madzi a m'kati n'kutsala ozizira. Pambali pake pankakhala thobwa la chimera cha mawere. Munthu wochokera kosoka kapena kogalauza sankafunsidwa nkhani asanamwe thobwa. Mlendo wobwera ndi mlandu nayenso ankayamba walandira chipanda. "Mdzukulu wanga," ankatero agogo, "munthu waludzu samva uphungu."

Kutsindwi ankasunga chidede chouma chimene anakolola m'masika. Dzuwa likafika paliwombo, ankanyika makoko ake ofiira m'madzi mpaka madziwo atasanduka ngati magazi a nkhuku, owawasa mokoma. Bwemba ndi malambe, zipatso za kumadera otentha, zinkabwera ndi amalonda ochokera kunyanja, ndipo nazo ankazisungunula m'madzi kapena kuthira m'phala. Kutchire, Mulungu anachita kulinganiza: nyengo yotenthayi ndi imene maula amagwa, mateme amapsa, ndipo mvula ikamayandikira masuku amayamba kulakatika. Ife abusa a mbuzi tinkaswera kuthengo tikutafuna matowo, ludzu osalimva.

Madzulo inali nthawi ya masamba onunkhira. Munthu akadandaula litsipa kapena kuphwanya m'thupi, ankamuwiritsira masamba a chanzi kuti amwe kapena afukize. Mpungabwi ankaupachika m'nyumba pothamangitsa udzudzu kuti anthu agone tulo tabwino. Pambuyo pake kunabwera udzu wonunkhira ngati mandimu uja ambiri timangoutcha lemonigilasi, womwe kwawo ndi ku Asia, ndipo amayi anaubzala pafupi ndi bafa kuti uzimwa madzi osambira. Zambiri mwa zomera zakwathuzi Jessie Williamson anazilemba m'buku la Useful Plants of Nyasaland mu 1955.

Koma mankhwala aakulu kuposa onsewa unali mthunzi. Chidede sichinkamwedwa munthu ali yekha. Anthu ankakhala pansi pa kachere kapena muula, abambo akusoka mphasa, amayi akusenda mtedza wambewu, aliyense akutula za kukhosi. Amene nkhokwe yake yatsika ankadziwika pomwepo, ndipo abale ankaona pothandiza. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga.

Nanga zinasintha bwanji? Kusintha koyamba kunadza ndi malamulo ndi mipingo. Lamulo la za ufiti la 1911 linachititsa kuti asing'anga ambiri azigwira ntchito mwamantha, ndipo Akhristu ena atsopano anayamba kuona chitsamba chilichonse ngati chikunja. Mishoni zinabweretsa zabwino zambiri, monga chipatala cha St Gabriel's ku Namitete chimene masisitere a ku Luxembourg anatsegula mu 1959. Komabe zitsamba zoziziritsa zinapulumuka m'nyengo imeneyi pa chifukwa chophweka: palibe ankazitcha mankhwala. Zinali za kukhitchini, m'manja mwa amayi, ndipo palibe gurupa amene akanadula munthu mumpingo chifukwa cha chidede.

Nkhwangwa yeniyeni inabwera ndi fodya. Mu 1920 azungu awiri, A.F. Barron ndi R.W. Wallace, anatsegula esiteti ku Mbabzi. Ankagawira anthu a m'midzi mbewu ndi malangizo, kenaka n'kugula fodya wawo. Patangopita zaka zochepa alimi zikwizikwi a m'chigwa cha Lilongwe anali atalowa ulimi wa chikopa, ndipo mu 1926 boma linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board. Chikopa chimaumitsidwa ndi utsi, ndipo utsi umafuna nkhuni. Chaka ndi chaka nkhalango za mombo ndi muwanga zinkalowa m'mabalani.

Mu 1968 kunayamba chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme, ndi ndalama za World Bank. Chinalambula misewu, kukumba mijigo, kumanga misika, kulembetsa malo a mabanja m'dongosolo la ndunda, ndi kupereka ngongole za feteleza ndi chimanga cha haibulidi. Zokolola zinakwera m'minda yambiri, koma minda nayo inakula mpaka kumeza tchire lomwe linatsala. Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, mzinda unayamba kufuna nkhuni, makala ndi njerwa zootcha. M'zaka za m'ma 1990 alimi ang'onoang'ono ataloledwa kulima bale, zigafa zinamera m'mudzi uliwonse, chilichonse chikufuna mphanda ndi milimo. Nkhalango ya Dzalanyama, yomwe inatetezedwa ndi boma mu 1922, inafika poti mu 2015 boma linatumizako asilikali kukaletsa ootcha makala. Mitengo tinabzala ndithu, makamaka kuyambira 1976 pamene linakhazikitsidwa tsiku lobzala mitengo, koma yambiri inali bulugamu ndi malaina. Imeneyi ndi mitengo ya milimo ndi nkhuni, yopanda chipatso choti mwana atole.

Chomvetsa chisoni n'chakuti pamene mthunzi unkachepa, nkhawa za m'chilimwe zinkachuluka. Pa funso lakale lija la mvula panawonjezeka ena. Nazale ya fodya imafuna kuthirira m'mawa ndi madzulo, m'nyengo imene zitsime za kudambo zaphwa. Ndalama za kuokushoni ku Kanengo zimakhala zitatha, ana akufuna fizi, ngongole ikudikira, feteleza sanagulidwe. Kuyambira 2005 panabweranso nkhawa ina, yoti kaya dzina lituluka pa mndandanda wa olandira zipangizo zaulimi zotsika mtengo kapena ayi. Paja amati walira mvula walira matope: tinalira ndalama za fodya, ndipo zinabwera ndi matope ake.

Kodi zitsamba za agogo zija zinali ndi mphamvu, kapena chinali chikhulupiriro chabe? Mitundu ina imachitira umboni. Chidede chomwechi ku Egypt ndi ku Sudan amachitcha karkade, ku Senegal bissap, ku Nigeria zobo, ndipo konseko ndi chakumwa cha nyengo yotentha. Akatswiri m'maiko angapo anapeza kuti chimatsitsako pang'ono kuthamanga kwa magazi. Malambe ali ndi vitamini C wambiri. Chanzi ndi chimene anzathu a ku Zimbabwe amati zumbani, chomwe chinafunidwa kwambiri pa mliri wa Covid-19 mu 2020 ndi 2021, ngakhale kuti sichinali mankhwala a matendawo. Ndipo mu 2018 magazini ya sayansi ya Nature Climate Change inasindikiza kafukufuku wa ku America ndi Mexico wosonyeza kuti m'miyezi yotentha kuposa nthawi zonse, anthu odzipha amachulukirako. Makolo athu sanalakwe pogwirizanitsa kutentha kwa dziko ndi kutentha kwa mtima.

Tisanamizane, komabe. Kapu ya chidede siibweza ngongole, ndipo tsamba la chanzi silichiza matenda a maganizo. Amayi oyembekezera ndi anthu amene akumwa mankhwala a BP ayambe afunsa achipatala asanazolowere zakumwa zoterezi. Munthu amene watha masabata osagona, wasiya kudya, akudzipatula kapena akuyankhula zofuna kudzipha, tithamange naye kuchipatala, kaya ku Namitete, kwa Kabudula kapena china chilichonse chapafupi. Chochititsa chidwi n'chakuti madokotala nawo abwerera ku nzeru ya pansi pa mtengo. Ku Harare, Dr Dixon Chibanda anayambitsa njira ya Friendship Bench, momwe agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi kunja kwa chipatala n'kumamvetsera anthu ovutika ndi kuganiza kwambiri. Njirayi inayesedwanso m'zipatala zina za ku Lilongwe kuno.

Tsono pempho langa kwa anzanga a ku Mpingu, Namitete, Nsaru, kwa Kabudula ndi ku Nambuma ndi lochepa. Mvula ikagwa, tisiyeko mzere umodzi wa chidede m'mphepete mwa munda. Tikapeza mphukira ya msuku, mteme kapena muula polima, khasu lilambalale. Pabwalo la mudzi, la sukulu ndi la tchalitchi tibzalepo kachere, ngakhale tikudziwa kuti amene adzakhale pamthunzi wake ndi adzukulu athu. Ndipo agogo amene akudziwa mayina a masamba ndi kakonzedwe kake tiwafunse lero, akadali ndi mpweya, pakuti mawu a akulu akoma akagonera.