Scoliosis: Msana Wokhotera M'mbali

Mawu akuti scoliosis Angerezi anawabwereka kwa Agiriki, kudzera m'Chilatini cha madokotala. Tsinde lake ndi skolios, kutanthauza chinthu chokhota, kaya ndi njira, mtsinje kapena mtima wa munthu wachinyengo. Dokotala wakale wachigiriki Hippocrates ankagwiritsa ntchito mawuwa pa kupindika kwa msana mosasiyanitsa kwenikweni. Dokotala Galen wa ku Pergamon, wobadwa mu 129, ndiye anagawa bwino: kyphosis ikhale linunda, lordosis ikhale kulowa m'kati kwa chiuno, ndipo scoliosis ikhale kukhotera m'mbali.

Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika ndithu. Kwa zaka mazana anthu ankakhulupirira kuti Mfumu Richard III ya ku England inali ndi linunda, monga mmene sewero la Shakespeare limaionetsera. Koma mafupa ake atapezeka ku Leicester mu 2012, pansi pa malo oimikapo magalimoto, anaonetsa scoliosis. Phewa lakumanja linali lokwera pang'ono, ndipo chovala chabwino chikanabisa zimenezi.

Masiku ano dokotala amatchula dzina lakuti scoliosis msana ukakhota kufika madigiri 10 pa muyezo umene John Cobb anafotokoza mu 1948.