Firmware

Firmware ndi pulogalamu yomwe imakhala m'kachipu ka pa bodi ya chipangizo, ndipo ndi imene imayamba kugwira ntchito munthu akangoyatsa foni, rauta kapena kompyuta. Dzinali analiyambitsa Ascher Opler mu 1967 m'magazini ya Datamation. Pa kompyuta, firmware yodziwika kwambiri ndi BIOS, koma makina ambiri a masiku ano amagwiritsa ntchito UEFI.

Kuflasha

Kuika firmware ina m'chipangizo kumatchedwa kuflasha. Ku Malawi, m'matauni ngati Nkhata Bay, ntchitoyi imadziwika kwambiri ndi okonza mafoni, omwe amaflasha foni ikamangoima pa logo osapitirira. Mafoni a Tecno ndi Itel okhala ndi chipu ya MediaTek amaflashidwa ndi SP Flash Tool, yomwe imafuna fayilo ya scatter. A chipu ya Unisoc amafuna fayilo ya PAC, pomwe a Samsung amaflashidwa ndi Odin.

Kusankha fayilo yoyenera

Fayilo imasankhidwa potengera bodi yomwe ili mkati. Dzina la kunja lokha silikwanira, chifukwa zipangizo ziwiri zofanana maonekedwe zimatha kukhala ndi machipu osiyana. Pa foni amaona nambala ya modelo ndi build number. Lamulo ndi lomweli pa seva, yomwe ndi kompyuta yosunga mafayilo a ofesi, sukulu kapena chipatala. Seva ili ndi firmware ya BIOS komanso ina ya kachipu koiyang'anira. Mwachitsanzo, Dell PowerEdge R730 imagwiritsa ntchito iDRAC8 pomwe R740 ili ndi iDRAC9. HPE ProLiant Gen9 ili ndi iLO 4 pomwe Gen10 ili ndi iLO 5. Mafayilo awo sabwerekana. Makina a Dell ali ndi Service Tag ya zilembo ndi manambala 7, yomwe imathandiza kupeza fayilo yolondola pa tsamba la kampaniyo. Fayilo ikatsitsidwa, amaiyesa ndi checksum monga SHA-256 pofuna kutsimikiza kuti yafika yathunthu, makamaka komwe intaneti imadukaduka.

Kuopsa kwake

Fayilo yolakwika ikhoza kupha chipangizo mpaka osayakanso, kapena chimayaka koma sikirini osagwira. Zimachitikanso magetsi akazima kuflasha kuli mkati, n'chifukwa chake seva imalumikizidwa ku UPS kaye. Kuflasha foni nthawi zambiri kumafufuta zithunzi ndi manambala, choncho mwini wake amayenera kusungiratu zinthu zake kwina. Seva ikafa, ntchito zonse zodalira mafayilo ake zimaima mpaka bodi itakonzedwa kapena kusinthidwa.